Mafuta a M'chiwaya Chanu

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzukako bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Ndikufunsa chifukwa ndikati ndikukumbukireni, ndimakuonani mutakhala pa kampando kanu pakhonde, mapazi mutaviika m'beseni, mukutiuza kuti si kanthu, ndi kutopa chabe. Ife kuno ku Ndirande tilipo. Sindinganame kuti zonse zili bwino, koma tilipo.

Ndiyambe ndi zabwino, poti inu simunkafuna munthu wolowa m'nyumba ndi madandaulo asanapereke moni. Mkazi wa mlongo wanga Yohane anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu, Marita. Mphuno ndi yanu yomwe ija. Tsiku la ubatizo analira mpaka abambo mfumu anaseka, amvekere ameneyu adzatsogolera kwaya. Titatuluka, azimayi a m'mphakati mwathu anamulandirizana uku akumutsina masaya, akuti wanenepa bwino ngati agogo ake. Onse anaseka. Ine ndinaseka nawo, koma mawuwo sanandikomere, ndipo chifukwa chake muchimva.

Kamunda kathu ka m'phiri chaka chino kanayesako. Akuba anatithyolera mondokwa cha kumtunda kuja monga mwa masiku onse, koma chotsalacho chitifikitsa pena. Ndinadzalanso mtedza pamene munkadzala mbatata paja, ndipo wachita bwino kuposa chimanga. Mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa bafa, umene munkafuna kuudula poti umagwetsa zinyalala, unabereka mpaka nthambi ina inathyoka. Mpopi ukadali ndi khalidwe lake lomwe lija lotulutsa mphepo m'malo mwa madzi. Amuna anga, bambo a Chisomo, akadali ku Joni, amaimba foni akakumbukira.

Chiwaya chanu ndikadali nacho, pamalo anu omwe aja pafupi ndi siteji ya maminibasi. Makondakitala akale amanditchula dzina lanu, atsopano sadziwa n'komwe kuti panali munthu wina ine ndisanakhalepo. Chipisi, zigege, mandasi am'mawa, nkhumba Loweruka. Sindinasinthe ngakhale mbali imene munkakhalira kuti utsi usakulondoleni.

Tsopano ndifike pamene pandilembetsa kalata ino. Ndi nkhani ya abambo, ndiponso ya mawu amene munandisiyira.

Mukukumbukira masana aja kuchipatala, mutatsamira mapilo chifukwa mukagona chagada mpweya unkathawa? Madokotala anali atatiuza kuti mtima wanu watopa. Yohane anali atatuluka. Munandigwira pamkono apa, mwamphamvu moti ndinadabwa kuti mphamvuzo mwazitenga kuti, n'kundiuza kuti, “Tereza, abambo ako usadzawadyetse ndiwo zouma. Uziwaphikira mmene ndimaphikira inemo. Ndikadzamva kuti awonda, ndidzakufunsa.” Ine ndinavomera. Ndani akanakana? Ndinati Amayi musade nkhawa, mbale yawo izidzawala ngati kale.

Ndinkadziwa kumene mawuwo ankachokera. Munatiuza kambirimbiri mmene munafikira m'tauni muno kuchokera kwathu ku Nsanje, abambo atawonda mpaka malaya akuwalendewera, inu mutabereka ine kumbuyo. Munkati ndiwo zamadzi ndi mchere wokha munadya zokwanira moyo wonse, simudzaziphikanso. Tsiku limene munagula botolo loyamba la mafuta ndi ndalama ya geni yanu munkalifotokoza ngati tsiku la ukwati. Abambo atapeza khonde losokerapo n'kuyamba kunenepa, chaka ndi chaka ankamasula okha mathalauza awo m'chiuno kuti awakulitse, inu muli pambali mukuitana anzanu kuti adzaone. “Mwamuna wowonda amayalutsa mkazi wake,” munkatero. Ife tinakula tikudziwa kuti chikondi chimaoneka pa mbale, ndiwo zikamawala pamwamba.

Ndiye panali chigubu chachikasu chija. Madzulo mukaweruka, mafuta a m'chiwaya munkawasefa pa kansalu n'kuwathira m'menemo, m'mawa kuwabwezera pamoto, kuwonjezera atsopano pang'ono. Amene ada kwambiri, a pansi penipeni, ndiwo ankabwera kunyumba kudzakazingira ndiwo, poti munkati ndiwo okoma, alawa nkhumba, alawa anyezi, alawa zonse. Nditafuna kutaya tsiku lina ndili mtsikana, munandimenya ndi chipande pa dzanja. “Mafuta satayidwa, amangopuma,” munatero. Chigubu chimenecho sichinaumepo, Amayi. Inu mutapita ine ndinangopitiriza kuwonjezera pamwamba, ndipo ndinkadziuza kuti madontho ena amene munathira ndi dzanja lanu akadali momwemo. Ndikamakazingira abambo ndiwo, ndinkamva ngati mukuwaphikirabe ndinu.

Lonjezo ndinasunga. Palibe munthu mu Ndirande muno anganene kuti sindinasunge. M'mawa mandasi otentha ndi tiyi wa shuga wambiri, buledi akapezeka ndiye majarini mpaka m'mbali. Masana ndinkawatumizira chipisi kukhonde kwawo. Madzulo repu wosambira m'mafuta, mchere wokwanira, Loweruka nthuli ya nkhumba ya mafuta oyera aja, imene munkawasungira inu. Anthu ankandiyamikira kutchalitchi. Ankati a Marita anasiya mwana weniweni, taonani mmene abambo ake akuonekera, ngati si amasiye.

Tsiku lina m'mawa, dzuwa litakwera kale, anandithamangira mayi wogulitsa tomato pafupi ndi khonde lawo. Anati abambo agwetsa sizasi, akufuna kutola koma dzanja likukana. Ndinawapeza atatsamira mashini, pakamwa patakhotera mbali imodzi, akundiyang'ana ndi maso a mwana wosochera pamsika. Ankayesa kunditchula dzina koma lilime linali lolemera. Tinawanyamula pa galimoto ya munthu wachifundo mpaka kuchipatala, n'kudutsa khonde lomwe lija tinkadutsa pobwera kwa inu. Fungo lake silinasinthe. Anati ndi sitiroko, BP inakwera kwa nthawi yaitali osadziwika.

Moyo anapulumuka, tithokoze Mulungu. Koma tisanatuluke, nesi wina wachikulire, wamsinkhu wanu ndithu, anandikhazika pansi n'kundifunsa kuti abambo amadya chiyani kunyumba. Amayi, ndinayankha monyada. Ndinkaona ngati akufuna kudziwa ngati timawasamala, ndiye ndinatchula zonse, mandasi, majarini, nkhumba, mpaka chigubu ndinachifotokoza, kuti kwathu ndiwo zouma sitizidziwa. Anandimvetsera osandidula. Nditamaliza anafunsa kuti, “Nanga mayi anu anatisiya ndi matenda anji?”

Sanandikalipire. Akanandikalipira mwina ndikanamuyankha, poti mukundidziwa pakamwa panga. Anangondifunsa ngati ndinaonapo mmene mafuta a nkhumba amachitira m'mwezi wozizira akatsala m'chiwaya. Ndinati inde, amauma, amayera, ndipo ngalande ya kuseri kwa benchi lathu imatsekeka nawo mpaka timaitokosa ndi waya. Iye anati mitsempha ya magazi nayo imaphana pang'onopang'ono chomwecho munthu akamadya mafuta a nyama ndi majarini tsiku ndi tsiku, ndipo mtima umavutika kukankha magazi panjira yopapatiza. Anati mafuta okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda amakhala atawonongeka, sakhalanso chakudya. Anawonjezera kuti si mafuta okha, mchere nawo umakweza BP, kukhala pa mashini tsiku lonse osayenda, ukalamba, ndi zina za kumtundu. Komanso sanati tisiye mafuta onse. Anati thupi limawafuna ndithu, koma a mu nsinjiro, a m'mapeyala, a mu usipa, ndi a m'botolo atsopano pang'ono pokha. Nyemba, masamba, mgaiwa, mankhwala osadumphitsa. “Mukapitiriza mmene mumachitiramu,” anatero, “sitiroko ikhoza kudzabweranso, ndipo yachiwiri kawirikawiri siichita chifundo.”

Kenaka anandimanga choyezera BP pamkono inenso, pamwamba pang'ono pa pamene munandigwira. Nane yakwera, Amayi. Ndikumwa mapiritsi ngati abambo. Madzulo ndikavula nsapato ndimapeza zingwe zitasiya mizere pamapazi, ndipo tsiku lina ndinadzipeza nditawaviika m'beseni lanu, pa kampando kanu, ndikuuza mwana wanga Chisomo kuti si kanthu. Ndinadzuka n'kutaya madziwo.

Titabwerera kunyumba ndinayamba kuphika monga anandiuzira. Nkhwani wotendera, chisoso, nyemba, usipa wophika ndi tomato, mafuta ndikuyezera pa kachivindikiro ka botolo. Ndiwo zimene munazithawa ku Nsanje ndi zomwe ndazibweretsa m'nyumba mwanu. Abambo anayang'ana mbale yoyamba, anandiyang'ana ine, n'kuikankha ndi dzanja lamoyolo. Mawa lake chimodzimodzi. Ankatema kawiri katatu n'kusamba m'manja. Kulankhula kwawo kunabwerera pang'ono, ndipo mawu oyamba omveka bwino amene anandiuza anali akuti, “Mayi ako sanakuuze choncho.” Anamva, Amayi. Tsiku lija munandigwira pamkono kuchipatala ndinkayesa agona pa benchi, koma anamva zonse.

Anawonda. Mathalauza amene anawakulitsa okha aja tsopano ndimawamangira ndi chingwe, poti dzanja losokera silikugwira. Kukiliniki amati BP ikutsika, koma amatinso adye mokwanira kuti apeze mphamvu zoyendera, njala si mankhwala. Ndiye ine ndili pakati. Ndikawaphikira zanu, ndiwapha. Ndikawaphikira za nesi, sakudya.

Azakhali a ku Zingwangwa, alongo awo a abambo, anabwera Lamulungu lina titachoka ku Misa. Anangoti kuwaona abambo, n'kugwira pakamwa. Sanadikire n'komwe kuti ndiwapatse mkeka. “Iwe Tereza, mayi ako atagona kumanda, umu ndi mmene ukuwasungira achimwene anga? Mafuta ukugulitsa kwa makondakitala, bambo wako ukumudyetsa masamba ngati mbuzi?” Atatero anatulutsa m'chikwama kanyenya wa nkhumba wokulunga m'nyuzipepala, pepalalo litanyoweratu. Abambo maso anawala. Mundikhululukire, Amayi, mkwiyo wanu uja ndinatengera. Ndinalanda phukusilo n'kuwauza kuti ngati bokosi nalo mwabwera nalo, lowetsani, tithane nazo lero lomwe. Anachoka osatsanzika, ndipo pano nkhani yafika mpaka kumudzi yoti Tereza akuwamana abambo ake chakudya kuti atsale ndi nyumba.

Za azakhali sizindipweteka kwambiri. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi inu. Ndikagwira botolo kuti ndiyeze pa kachivindikiro, dzanja limafuna kupendeka lokha, monga munaliphunzitsira, ndipo pamkono paja pamatentha. Masana dzuwa lili pamutu, m'nyumba mulibe moto, ndimamva fungo la mandasi anu likuchokera kuchipinda. Ndimapita kukayang'ana, mulibe kanthu, koma chigubu chili phee kuseri kwa chitseko pamene ndinachibisa. Kuchiwaya ndinasiya kuchigwiritsa ntchito, mafuta akayamba kuda ndimasintha ngakhale phindu likuchepa, poti sindingathe kuyang'ana anyamata aja akudya ndikudziwa zimene ndikudziwa. Koma kutaya a m'chigubu ndinkalephera. Ndikachinyamula ndimamva mawu aja, osati okalipa, a phee ngati mukundifunsa ngati ndatseka chitseko: ndidzakufunsa.

Ndinakwiya nanu. Lekani ndinene, poti kwa wina sindinganene. Ndinakwiya kuti munandimanga ndi mawu n'kuchoka, osasiya njira yoti ndidzabwere kudzakuuzani kuti zinthu zasintha. Munthu wamoyo umatha kukambirana naye. Inu ndikambirana nanu bwanji? Ndipo ndikaganiza kuti mwina mafuta omwewa anathandizira kutopetsa mtima wanu, inu mukuwasefa mosamala madzulo aliwonse chifukwa chotikonda, ndimasowa woti ndimukwiyire.

Sabata yatha kunagwa chiperoni. Zitenje zanga zonse zinali pachingwe zosauma, ndiye ndinatsegula sutikesi yanu n'kutenga chitenje chanu chobiriwira cha masamba chija, ndi mpango wake. Sindinaganize kanthu, kunkazizira basi. Ndinakhala pa mbaula masana ndikutendera nkhwani, nsana nditalozetsa kukhonde kumene abambo anakhala atafunda bulangete. Ndinangomva kumbuyo kwanga, momveka bwino kuposa mawu onse amene alankhula chidwalireni:

“Make Tereza, mwabwera?”

Mthiko unaima m'dzanja. Sindinatembenuke. Chidwalireni mutu wawo umasokonezeka nthawi zina, amafunsa za anthu amene anapita kale, koma anali asananditchulepo choncho. Anapitiriza, akudandaula ngati mwana, “Mwana wanuyu akundipha ndi njala. Ndiwo zake zouma. Tamuuzani.”

Amayi, chimene ndinachita sindikudziwa ngati ndi tchimo, sindinapite nacho kokalapa. Ndinapakula, ndinakokera mpango kumaso pang'ono, n'kupita kukagwada pambali pawo monga munkachitira, mbale ndikuiika kudzanja lamoyo. Mawu amene anatuluka sanali anga. Ndinadzimva ndikukoka mawu mmene munkakokera inu, ndikuti, “Bambo a Tereza, idyani. Ndine ndamuuza mwanayu kuti aziphika chonchi. Mafuta aja ananditupitsa miyendo, inu munaona. Kuno sindikukufunani msanga, Marita wamng'ono asanakudziweni.”

Ine maso ali pansi, ndikuona madontho akugwera pa bulangete. Kenaka anati, “Ngati mwanena ndinu, chabwino.” Anasamba, anatema, anadya. Anadya nkhwani yense mpaka kupukuta mbale, anapempha peyala la mumtengo wanu uja, ndinawadulira, anamaliza. Ine ndili chogwada pomwepo, osadziwa ngati ndanamiza abambo anga kapena mwandibwereka pakamwa ndinu.

Nditabweretsa madzi oti asambe m'manja, anagwira nsonga ya chitenje n'kuifikisa pakati pa zala, mmene amachitira telala akamayesa nsalu. Mpendero wake anasoka okha, ndinaona akuulondola ndi chala. Osandiyang'ana kumaso, anati chapansipansi, “Walankhula ngati mayi ako, Tereza. Mawa udzavalenso.”

Sindikudziwa ngati anadziwa kuyambira pachiyambi, kapena nzeru zinabwerera ali pakati pa kudya. Sindinawafunse ndipo sindidzawafunsa. Chimene ndinaona n'chakuti lonjezo lija silinamange ine ndekha. Iwonso ankaopa kuti akadya ndiwo zouma n'kuzimva kukoma, ndiye kuti akusiyani. Tonse awiri tinkadikira kuti mutimasule, ndipo pakhomo pano panalibe wina woti alankhule m'malo mwanu.

Kuyambira tsiku limenelo ndimavala chitenje chanu nthawi ya chakudya. Satchulanso dzina lanu, nanenso sindikokanso mawu, timangodziwa. Akudya. Dzulo anayenda ndi ndodo mpaka pa mpopi n'kubwerera, akutukwana miyala ya mumsewu, ndipo ndinasangalala kumva akutukwana. Mapiritsi timamwera limodzi m'mawa, wina kukumbutsa mnzake.

Chigubu ndinachitulutsa lero. Ndinakwera nacho kumunda, ndinakumba dzenje kumalire kumene sitidzalako kanthu, n'kukhuthula. Mafuta anatuluka mochedwa, akuda bii, pansi pake pali phala lolimba loti ndinachita kugogoda. Fungo linakwera ndipo kwa kanthawi munali pomwepo, m'mawa wa kale, mukundiuza kuti ndisayandikire moto. Ndinalira mokweza, poti kuphiri kulibe azakhali. Ndinakwirira, n'kutsika ndi mtedza wodzaza chitenje woti ndikasinje.

Choncho, Amayi, nkhani musaimve kwa ena, imveni kwa ine. Abambo awonda. Ndiwo zawo siziwalanso pamwamba. Mawu amene ndinakulonjezani kuchipatala ndawaphwanya ndikudziwa, ndipo ndinayankhulanso m'dzina lanu musanandilole. Ngati ndinakunamizirani, mundikhululukire. Koma ndikukhulupirira kuti mukanakhala pamaso pa nesi uja n'kumva zimene ndinamva, mukanafika kunyumba n'kutaya chigubucho nokha, mwinanso n'kundimenya ndi chipande chifukwa chochedwa. Inu simunkafuna mafuta, munkafuna kuti mwamuna wanu asafe. Nanenso ndi zomwezo.

Ndikulonjezani china m'malo mwa chija. Ndiwasunga kuno mmene ndingathere, owonda choncho, mpaka Marita wamng'ono adzathe kuwakoka ndodo n'kuwatchula agogo. Nanenso ndidzisamala, kuti Chisomo asadzavale chitenje changa msanga. Muwadikire, musawaitane. Ndipo tsiku limene tidzaonane, mukadzandigwira pamkono n'kundifunsa, sindidzathawa maso anu, ndidzayankha.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani pa mbaula pano.

Ndine mwana wanu woyamba,
Tereza